Mafuta Obiriwira Kuseri kwa Shuga

Make Bwana ankaphika mafuta ake Lachiwiri lililonse, mwamuna wake akangokwera njinga kupita kushedi. Lachiwiri kusaluni kumakhala zii, akazi ambiri amakhala atalukitsa kale kumapeto kwa sabata, ndiye mwini saluni ankamulola kufika mochedwa. Ankatulutsa mbaula kuseri kwa nyumba, pafupi ndi bafa pomwe mphepo imakankhira utsi kumpanda, n'kutereka kapoto komwe sikankaphikidwamo china chilichonse. Moto unkafunika wofatsa. Ukachuluka mafuta ankapserera n'kumanunkha ngati tayala, ukachepa masamba ankangosambamo osatulutsa kanthu. Ankathira mafuta ophikira wamba, kenako chamba chouma chodzaza manja awiri, chofikisa bwino, njere ndi timitengo tomwe. Ankatakasa ndi kamtengo kwa ola limodzi ndi theka, n'kusefa kawiri ndi kansalu ka neti. Mafuta akazizira ankadonthezamo perefyumu wa fungo la ndimu kuti fungo lenileni libisike.

Njirayi anaiphunzira kwa mayi wina wolukitsa, yemwe meshi anamudya tsitsi la m'mbali mpaka chipumi kusamukira pakati pa mutu. Mayiyo anati akazi akhala akudzola zimenezi kuyambira kalekale, chamba chisanakhale mlandu, anthu akuchilima poyera n'kumapota nacho zingwe. Make Bwana sankadziwa ngati tsitsi linkameradi chifukwa cha chambacho, kapena chifukwa choti mkazi akagula mafuta amayamba kusisita mutu tsiku ndi tsiku n'kuleka kulukitsa zokoka. Sankafunanso kudziwa. Makasitomala ankabwerera, ena atakoka anzawo, kudzafuna mafuta a zitsamba aja. Mwini saluni ankadziwa zomwe zinali m'timabotolomo, koma ankadziwira mumtima.

Yemwe sankayenera kudziwa anali mwamuna wake. Bambo a Bwana, kalipentala wa mipando ndi zitseko, anayamba kusuta ali ndi zaka khumi ndi zisanu kushedi komwe ankaphunzira ntchito. Kwa zaka zambiri chinkangomupatsa njala ndi phwete. Anzake omwe anayamba nawo limodzi akusutabe mpaka lero ndipo akuyenda bwinobwino, koma iye chinamusankha. Chaka chomwe Bwana anali m'mimba, anayamba kumva anthu akumunena kudenga, anakhomera mawindo onse ndi misomali ikuluikulu, mpaka anakagona miyezi itatu kuchipatala cha odwala maganizo. Atatuluka, Make Bwana, khanda lili kumsana, anamuikira lamulo pamaso pa amayi a mwamunayo: chinthu chimenechi chikadzangolowa m'nyumba muno, ngakhale kanjere kamodzi m'thumba la buluku, iye adzanyamula mwana n'kumapita. Mwamunayo anavomera, ndipo anasungadi. Mwezi uliwonse ankapita kukatenga mapiritsi ake. Anzake akale ankawapatsa moni ali panjinga, osatsika. Zaka ziwiri zinatha choncho. Chamba chinadzalowa ndithu m'nyumbamo, koma chinalowera m'chikwama cha zipeso ndi malezala cha mwini lamulo.

Lachiwiri lina mafuta anali atasefedwa, akuzizira pakhonde la kuseri, pamene kumaso kunamveka odi. Anali apongozi ake, amayi a mwamuna wake, ndi chikwama chachikulu ndi ambulera, atafulumira ndi tsiku lathunthu. Make Bwana anawalandira katundu, kuwakhazika pampando wabwino, n'kuwapatsa mdzukulu wawo kuti awatangwanitse. Mwanayo ankatchedwa Bwana chifukwa sankalirira zinthu ngati anzake. Ankangoloza ndi chala, akuluakulu n'kumathamanga. Ali mkati moloza ambulera ya agogo ake, mayi ake anazembera kuseri. Timabotolo take tinali kusaluni. Chomwe chinali pafupi chinali botolo la mafuta ophikira lomwe linatha dzulo lake. Anathiramo mafuta akadali ofunda, asanadonthezemo perefyumu, n'kutseka. Kuchipinda sakanalibisa, poti apongozi anali ndi chizolowezi chokonza m'malo momwe sanatumidwe. Anaona kuti mafuta amabisika bwino kukhitchini, komwe botolo la mafuta silidabwitsa munthu. Analiika pashelefu, kuseri kwa chitini cha shuga, poganiza kuti alitenga potuluka.

Potuluka sanalitenge. Apongozi anaima pakhomo la khitchini penipeni, akumufotokozera za bondo lawo ndi za mkangano wa kukwaya. Make Bwana anangoti m'mtima abwera masana. Anawaonetsa ufa wa phala la mwana, anawalozera botolo latsopano la mafuta lomwe linali patebulo, n'kuwauza kuti anamwino a kusikelo anati azithiramo supuni imodzi chifukwa Bwana sakukwera. Apongozi anati iwo alera ana asanu ndi mmodzi, phala sangaphunzitsidwe ndi mwana wa dzulodzuloli. Anaseka onse awiri, iye n'kumapita.

Masana sanabwere. Kunafika mphunzitsi wina wa tsitsi lambiri wofuna timizere ting'onoting'ono, ndipo cha m'ma wani koloko Make Bwana anali atangofika pakati pa mutu wake, chipeso chili kukamwa, pamene foni inalira. Apongozi ankalankhula pang'onopang'ono ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala. Anati mwana wagona kuyambira cha m'ma leveni, ayesa kumudzutsa, kumupukuta ndi madzi, koma sakudzuka. Atanena zimenezi anaseka pang'ono, n'kupepesa kuti sakudziwa chomwe akuseka.

Make Bwana atafika kunyumba anamupeza mwana pamphasa, ali lefu ngati nsalu yonyowa. Maso anali otsegula theka, dovu likutsikira kukhutu. Anamukweza mkono, mkono unagwa. Thupi silinali lotentha. Anamutsina pachidendene, mwana anangokwinya nkhope n'kubwerera komwe anali. Make Bwana analowa kukhitchini. Mabotolo anali awiri patebulo, ndipo lobiriwira, la kuseri kwa shuga lija, linali litatsika.

Apongozi anafotokoza okha, atatsamira chitseko. Potenga shuga anapeza mafuta obiriwira, odula aja amaonekera m'masitolo akuluakulu, ndipo anadabwa kuti mpongozi wawo akubisira ndani zinthu zabwino mwana ali wowonda chonchi. Anathira masupuni atatu osefukira, poti imodzi ya anamwino ndi ya ana a anthu ena. Phala linawawira pang'ono, ndiye anawonjezera shuga. Bwana anadya theka. Theka linalo anamaliza iwo, chifukwa chakudya satayira nkhuku anthu alipo.

Make Bwana anatenga botolo n'kuliponya m'chikwama chake, pansi pa matewera, anabereka mwana, n'kutuma apongozi kuti aimitse njinga zamoto ziwiri. Panjira anaimbira mwamuna wake kuti awapeze kuchipatala. Mutu wa Bwana unkagunda pamsana pake njinga ikadumpha, ndipo iye ankaugwira ndi dzanja limodzi uku akuganiza. Mwamuna wake anamuonapo kambirimbiri atasuta mpaka kugona pansi ndi nsapato, m'mawa n'kudzuka ndi njala basi. Aliyense amati chamba sichipha. Akamuika dilipi, mwana adzuka yekha madzulo, adokotala anena kuti kanali kamatenda kongodutsa, botolo likathera m'chimbudzi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kuchipinda cha ana odwala mwakayakaya kunali mabedi asanu ndi limodzi okhala ndi zitsulo m'mbali. Namwino, mayi wamkulu thupi wa magalasi a chingwe, anabaya Bwana pachala. Malungo sanapezeke. Shuga wa m'magazi anali bwino. Anamupana chala cha kuphazi ndi kachida kowala, manambala n'kuyamba kuphethira pakabokosi. Dokotala anali mtsikana wometa mwachidule, ndipo Make Bwana, ngakhale panthawi ngati imeneyo, anaona kuti tsitsi lake la m'mbali linali lathunthu. Dokotalayo anawunika mwana m'maso ndi tochi, anamupinda khosi, kenako anayamba mafunso. Wagwa? Wakomoka n'kumaphupha? M'nyumba muli mankhwala anji? Make Bwana anatchula mapiritsi a mwamuna wake, n'kunena kuti amakhala m'bokosi lokhoma pamwamba pa wadiropu, zomwe zinali zoona. Mankhwala a makoswe mulibe. Parafini mulibe. Wadya chiyani lero?

"Phala," anatero Make Bwana. Zimenezonso zinali zoona.

Dokotala anayang'ana manambala aja nthawi yaitali, n'kuuza namwino kuti amuike mwana kapaipi ka mpweya m'mphuno, chifukwa ankapuma motalikitsa. Kenako anafotokoza kuti mwana wogona chonchi popanda chifukwa chodziwika amayenera kumuyeza matenda oumitsa khosi, ndipo kuyeza kwake n'kotenga madzi a pamsana ndi singano. Anapempha chilolezo. Make Bwana anafunsa ngati sangadikire kaye pang'ono kuti mwina adzuka. Dokotala anati matenda amenewo sadikira munthu. Namwino anapita kukatenga thireyi.

Kalipentala anafika utuchi uli m'tsitsi, pensulo ikadali kukhutu. Anaima pambali pa bedi, anagwira phazi la mwana wake, n'kuliyang'ana ngati thabwa lomwe wapatsidwa kuti anene vuto lake. Kenako anatembenukira kubenchi kuti apereke moni kwa amayi ake. Mayiwo anali akumwa kapu yachitatu ya madzi, akunyambita milomo, akumwetulira chithunzi cha pakhoma chophunzitsa kusamba m'manja. Maso awo anali psu. Mwana wawo anawayang'ana, anawayandikira, anawerama ngati akufuna kuwanong'oneza, koma ankanunkhiza.

"Amayi, mwadya chiyani?"

Anati phala la mwana, lotsala. Anawonjeza kuti manja a pachithunzipo akuoneka ngati akuwomba m'manja kutchalitchi.

Kalipentala anawongoka. "Adokotala, ichi ndi chamba," anatero. "Onani amayi angawa. Ndikuchidziwa, ndachisuta zaka khumi ndi ziwiri."

Mawuwo anatenga nthawi kuti afike kwa amayi ake, koma atafika anakhazikika. Anaika kapu pansi mosamala kwambiri. "Wayambiranso," anatero. "Iwe, wayambiranso. Mpaka kumwana." Anayamba kumuwerengera zonse: misomali ya m'mawindo, miyezi itatu ija, maulendo omwe iwo anayenda ndi bondo lawolo kukamuona, mkazi wabwino yemwe anamupirira pomwe wina akanathawa kalekale. Ena a mawuwo ankawabwereza kawiri, ena ankawataya pakati. Amayi a pamabedi ena anasiya zomwe ankachita. Namwino, yemwe anali atabwera ndi thireyi, anamuyang'ana kalipentala pamwamba pa magalasi, kuyambira kuutuchi mpaka kunsapato.

Dokotala anamufunsa modekha kuti amachisunga pati, chinali chochuluka bwanji, mwana wachipeza bwanji. Iye anati alibe, sanakhudze kuyambira tsiku lomwe anatuluka m'chipatala. Ananena kawiri. Palibe anamutsutsa, ndipo palibe anamukhulupirira. Ndiye anayang'ana mkazi wake. Make Bwana ankayembekeza maso ofunsa, koma anapeza maso a munthu woopa. Mwamunayo sankamuganizira chilichonse. Ankaopa kuti mkazi wake wakhulupirira zomwe amayi ake anena, ndipo mwana akangodzuka amunyamula n'kumapita.

Make Bwana anaona mmene mlanduwo unamukwanira mwamuna wake, ngati chitseko chopala iye mwini. Sipankafunika kunama. Kungokhala chete kunali kokwanira, anthu onse m'chipindamo anali atamaliza kale ntchitoyo. Anakhala chete. Chikwama chinali pamiyendo pake, manja onse awiri ali pamwamba.

Dokotala anati sangasiye kuyeza chifukwa cha maso ofiira a agogo ndi mphuno ya bambo. Utsi wokha sungagoneke mwana chonchi. Ngati wameza kanthu, iye akufuna adziwe kuti n'chiyani, chochuluka bwanji, nthawi yanji. Popanda zimenezo apitiriza. Namwino anamugoneka Bwana chammbali, anamupinda mawondo kufika pachibwano, n'kumukwezera malaya. Timafupa ta pamsana tinaonekera tonse, toti n'kuwerenga. Anamupaka mankhwala ofiirira ndi thonje, mozungulira, kuyambira pakati kupita kunja. Mwana sanagwedezeke n'komwe. Dokotala anavala magolovesi n'kung'amba pepala la singano.

Make Bwana anatsegula chikwama, anasuntha matewera, n'kuika botolo pabedi, pafupi ndi mapazi a mwana.

"Ndi awa," anatero. "Ndi anga, ndimaphika ndine. Ndi a tsitsi. Bambo akewa sakudziwa chilichonse."

Atangoyamba, zotsalazo zinatuluka mosavuta, ngati akuphunzitsa wantchito watsopano kusaluni. Manja awiri a chamba pa theka la botolo. Moto wofatsa, ola ndi theka. Masupuni atatu m'phala, mwana wadya theka, cha m'ma teni koloko. Sanayang'ane kumene kunali mwamuna wake.

Dokotala anatsegula botolo, ananunkhiza, n'kulitseka msanga. Anaika singano pathireyi. Anati mwana akanatola tsamba louma n'kutafuna, mwina sizikanafika pamenepa. Moto ndi womwe umachidzutsa chamba, ndipo mafuta amakoka mphamvu yake yonse n'kuisunga, moti zomwe mayiyu ankaphikira tsitsi zinali zaukali kuposa ndudu zingapo. Chosuta chimagwira msanga n'kutha msanga, koma chodya chimachedwa, chikagwira n'kukhalitsa. Munthu wamkulu amaledzera n'kugona. Mwana wa makilogalamu khumi amatha kugona mpaka kuiwala kupuma, ndipo zoti sichipha azikanena akuluakulu okhaokha. Mankhwala ochichotsa m'thupi kulibe. Amuyang'anira kapumidwe, amupatsa madzi, n'kudikira. Akapanda kusintha pofika mawa, singano ija ibweranso. Botolo alisunga, nkhaniyi ailemba momwe yanenedwera, ndipo a zosamalira ana abwera kudzacheza naye. Make Bwana anati wamva.

Apongozi ndi omwe anachedwa kumvetsa. Anafunsa namwino ngati akutanthauza kuti iwo, wa kwaya zaka makumi atatu, adya chamba. Namwino anati eya, ndi shuga yemwe. Anawapezera bedi kuchipinda cha amayi, ndipo anapita akulira, akugwira khoma, akufunsa ngati kukantini kwatsala mabanzi.

Bwana anadzuka mawa lake dzuwa litakwera. Anatsegula maso, anayang'ana kapaipi, anakakoka n'kukataya, kenako analoza nthochi yomwe mwana wa bedi loyandikana ankadya. Anadya nthochi ziwiri ndi buledi, n'kugonanso tulo wamba, tomwe munthu ukamutsina amalira. Dokotala anati agone tsiku lina limodzi. Mayi wa zosamalira ana anabwera ndi fayilo, anafunsa mafunso ake, anati adzafika kunyumba kudzaona pomwe zinthu zimasungidwa. Apongozi anatulutsidwa m'mawa womwewo. Anadzaona mdzukulu wawo, anapempherera pabedi, ndipo mpongozi wawo sanamuyang'ane. Kwa mwana wawo anangoti pakamwa pamalakwa, n'kumukonza kolala ya shati.

Kalipentala anali asanalankhule ndi mkazi wake chilankhulire dzulo. Masana Make Bwana anapita kumpopi wa kuseri kwa wodi kukachapa matewera, ndipo iye anamutsatira n'kukhala pakhoma lalifupi la simenti. Anadikira mpaka mayi wina yemwe ankatsuka mbale atachoka.

"Kuyambira liti?"

"Miyezi isanu ndi itatu."

"Lachiwiri," anatero kalipentala.

Make Bwana anasiya kufinya thewera. Tsiku sanalitchule kwa dokotala, kapena kwa wina aliyense.

Mwamunayo analankhula akuyang'ana manja ake. Anati wakhala akulimva fungolo. Akabwera kuchokera kuntchito Lachiwiri n'kupita kubafa, linkamupeza pampanda paja, nthawi zina pansalu ya mkazi wake, nthawi zina m'tsitsi la mwana. Poyamba ankapisa m'matumba mwake, kuti mwina wina kushedi wamuponyera mwachipongwe. Anafufuza m'bokosi la zida, pansi pa chishalo cha njinga. Sanapeze kanthu. Kufunsa sakanafunsa, chifukwa munthu yemwe anamvapo mawu kudenga akayamba kumva fungo lomwe ena sakulimva amadziwa kumene zikupita, ndipo sankafuna kumuopseza mkazi wake. Miyezi itatu yapitayo anakanena kuchipatala chake kuti mutu wayambanso. Anamuwonjezera mapiritsi. N'chifukwa chake masiku ano amagona ngati wafa, ndipo manja amanjenjemera moti ntchito ya tchizulo anaisiyira mnzake, iye amangopala ndi kukhoma.

Anatambasula dzanja kuti aone. Zala zinkagwedera pang'onopang'ono, ngati masamba kopanda mphepo. Make Bwana anali ataziona kale patebulo, pogwira kapu, koma ankati ndi kutopa.

Madzi ankasefukira m'beseni. Anatseka mpopi. Anafuna kunena kuti mafutawo ndi omwe ankagula mkaka ndi nsapato za mwana, koma anaona kuti yankho limenelo ndi la funso lomwe sanafunsidwe. Anafunsa ngati akufuna kuti iye achoke.

Kalipentala anati zimenezo sanaziganizire, ndipo sakudziwa kuti akadzaziganizira adzapeza chiyani. Chomwe akudziwa n'choti tsiku lake lokaonana ndi adokotala ake ndi Lachisanu. Akakanena yekha kuti fungo lija linali lenileni, akangolemba m'buku kuti wodwala akukana matenda ake, mwinanso kumuwonjezera ena.

"Ine sangandikhulupirire," anatero. "Mupite nane. Mukanene zomwe munanena dzulo zija, momwemo, ndi masupuni omwe."

Make Bwana anafunsa nthawi. Anati eyiti koloko, koma pamzere pamafunika kufika sikisi. Iye anawerengera kuti Bwana akhala atatuluka, apongozi sangawapemphe, ndiye mwana apita naye kumsana. Anati apita. Mwamuna wake anagwedeza mutu, anatsika pakhoma paja n'kubwerera kuwodi, ndipo iye anatsala akuyanika matewera pawaya.